Chimbalangondo Chikamabwera: Kugona Pansi, Kumenyana Nacho Kapena Kupopera Tsabola

Dzina lakuti chimbalangondo limadziwika kwa owerenga Chichewa ambiri kudzera m'Baibulo, makamaka m'nkhani ya Davide pamene ankaweta nkhosa za atate wake ndi m'nkhani ya mneneri Elisa, koma nyama yeniyeniyo sipezeka m'tchire lililonse la mu Africa lerolino, chifukwa mtundu womaliza, umene unkakhala m'mapiri a Atlas kumpoto kwa Africa, unatha m'zaka za m'ma 1800. Pa dziko lonse pali mitundu 8 ya zimbalangondo, ndipo imene imavulaza anthu kawirikawiri ndi isanu: chofiirira, chimene ku North America chimatchedwa grizzly, chakuda cha ku America, chakuda cha ku Asia, choyera cha kumadzi oundana a ku Arctic, ndi china chaubweya wautali, chodya chiswe, cha ku India ndi Sri Lanka. Motero nkhani yodziteteza kwa nyamazi ndi ya anthu a ku Alaska, Canada, Montana, Romania, Russia, Japan ndi madera ena otere, kumene alenje, abusa, othyola bowa ndi alendo okwera mapiri amayenda m'nkhalango momwe nyamazi zimadyera ndi kulereramo ana. Nzeru zimene anthu a kumeneko asonkhanitsa pa zaka zoposa 50 zimaloza pa mfundo imodzi, yakuti chimbalangondo chimaukira munthu pa zifukwa ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo chimene chingapulumutse munthu pa chifukwa choyambacho n'chomwenso chingamuphetse pa chachiwiri.

Kukula kwa vutoli kuyenera kuyezedwa kaye, popeza mantha amakuza chinthu kuposa msinkhu wake. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya sayansi ya Scientific Reports, wotsogoleredwa ndi Giulia Bombieri, anawerenga maulendo 664 amene chimbalangondo chofiirira chinaukira anthu pakati pa 2000 ndi 2015 ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo pa maulendo onsewo anthu amene anafa anali 95. Pafupifupi theka la ngozizo zinachitika munthu atakumana ndi chachikazi chokhala ndi ana. Ku paki ya Yellowstone ku United States, imene inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo masiku ano imalandira alendo mamiliyoni angapo chaka chilichonse, anthu amene aphedwa ndi zimbalangondo m'kati mwa pakiyo ndi 8 okha, chiwerengero chochepa kuyerekeza ndi cha omira m'madzi kapena opsa ndi akasupe otentha a kumeneko. Ziwerengerozi sizitonthoza munthu amene waima mamita 20 kuchokera pamene pali nyama yolemera makilogalamu 200, koma zimasonyeza kuti ambiri mwa okumana nacho amabwerera kwawo amoyo, ndipo pa chifukwa chimenechi n'zotheka kuphunzira zimene iwo anachita.

Maphunziro amenewa anayamba mwamphamvu pambuyo pa usiku wa pa 13 Ogasiti 1967, pamene atsikana awiri a zaka 19 anaphedwa ndi ma grizzly awiri osiyana, pa malo awiri otalikirana, m'paki ya Glacier ku Montana, kumene chikhazikitsireni pakiyo mu 1910 kunali kusanafepo munthu mwa njira imeneyi. Kufufuza kunasonyeza kuti nyama zonse ziwirizo zinazolowera chakudya cha anthu: pa nyumba ya alendo ya Granite Park ogwira ntchito ankataya makombo panja kuti alendo azionerera zimbalangondo zikudya madzulo, ndipo pa nyanja ya Trout chimbalangondo chinkadya zinyalala zosiyidwa ndi ogona m'matenti. Ku Yellowstone nakonso kunali mbiri yofanana, chifukwa zaka zam'mbuyomo kunamangidwa ngakhale mipando yoti alendo azikhalapo poonerera zimbalangondo pa dzala. Madzala amenewa anatsekedwa pofika 1970, ngakhale kuti abale awiri ofufuza, Frank ndi John Craighead, anachenjeza kuti kutseka mwadzidzidzi kudzachititsa nyama zanjala kulowa m'misasa ya anthu, ndipo m'zaka zotsatira ma grizzly ambiri anaphedwadi ndi oyang'anira pakiyo. Munthu amene anasanthula ngozi zoterezi mwadongosolo ndi Stephen Herrero wa ku University of Calgary ku Canada, amene buku lake la mu 1985 lotchedwa Bear Attacks: Their Causes and Avoidance linakhazikitsa kusiyana kwa kuukira kodziteteza ndi kuukira kosaka chakudya, ndipo malangizo a m'mapaki a ku North America akadatsamirabe pa kusiyana kumeneku.

Kuukira kodziteteza kumachitika pamene chimbalangondo chadzidzimutsidwa pafupi, pamene chachikazi chikuona kuti ana ake ali pangozi, kapena pamene nyamayo ikulondera mtembo wa nyama ina umene yakwirira ndi dothi ndi nthambi kuti idzadye pambuyo pake. Chimbalangondo chotere sichifuna munthu. Chimafuna kuti chiopsezo chichoke, ndipo chimaonetsa kuvutika mtima kwake poyera: chimafwenthera, chimaombanitsa nsagwada mpaka kumveka phokoso, chimamenya pansi ndi mwendo wakutsogolo, chimatsitsa mutu n'kugonetsa makutu kumbuyo. Kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, kumene mafilimu amakuonetsa ngati chiyambi cha nkhondo, nthawi zambiri kumangotanthauza kuti nyamayo ikufuna kuona ndi kununkhiza bwino chimene chili patsogolo pake. Chofunika kwa munthu pa nthawi imeneyi ndi kuima, kulankhula ndi mawu otsika ndi odekha kuti nyamayo izindikire kuti wakumana nayoyo ndi munthu, kunyamula ana aang'ono ngati alipo, kusonkhana pamodzi ngati ali gulu, ndi kubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono akuyang'anabe kumene kuli nyamayo, osaitsekera njira yothawira.

Chovuta kwambiri pa malangizo onse ndi kusathawa, chifukwa miyendo imafuna kuyamba yokha mutu usanaganize. Grizzly amatha kuthamanga makilomita oposa 50 pa ola, kukwera kapena kutsika phiri, pamene Usain Bolt, pa liwiro lake lalikulu, anafika pafupifupi makilomita 44 pa ola pa bwalo losalazidwa. Kuwonjezera apo, chinthu chothawa chimadzutsa mwa nyama yolusa chibadwa chothamangitsa, kotero kuti chimbalangondo chimene chinali kungoopseza chimasanduka chopirikitsa. Kawirikawiri nyamayo imathamangira munthu mongoopseza, n'kuima mamita ochepa kapena kupatukira kumbali pa mphindi yomaliza, ndipo munthu amene waima nji amaipatsa mpata wochita zimenezo, pamene wothawa amaulanda mpatawo. Kukwera mumtengo nakonso sikuthandiza monga momwe ambiri amaganizira, popeza chimbalangondo chakuda chimakwera msanga kuposa munthu aliyense, ndipo ngakhale grizzly amakwera ngati nthambi zili zomulola.

Ngati grizzly wodziteteza wafika pogunda munthu, apa ndi pamene kunamizira kufa kumagwira ntchito, ndipo kachitidwe kake kali ndi tsatanetsatane wofunika. Munthu amagona chafufumimba, amalukanitsa zala za manja ake pankhongo kuti ateteze khosi, amabisa nkhope ndi zigongono, ndipo amatangadza miyendo kuti nyamayo ivutike kumugudubuza. Chikwama cha kumsana sachivula, chifukwa chimalandira mano ndi zikhadabo zimene zikanalowa mumsana. Akagudubuzidwa, amapitiriza kugubuduka mpaka atagonanso chafufumimba. Cholinga chake ndi kutsimikizira nyamayo kuti chiopsezo chatha, ndipo kuukira kotere nthawi zambiri kumatha pasanapite mphindi ziwiri. Cholakwa chimene chavulaza anthu ambiri ndi kudzuka msanga, chifukwa chachikazi chimatha kuima chapatali n'kumayang'anitsitsa, ndipo chikaona munthu akugwedezeka chimabwerera. Choncho wogonayo amayenera kukhala duu kwa mphindi zingapo phokoso la nyamayo litazimiririka. Cholakwa china ndi kugona pansi nyamayo ikadali kutali, zimene zimaitana chidwi cha chimbalangondo chimene mwina chikanangodutsa. Ndipo ngati kulumako kukupitirira osaleka, mpaka kuoneka kuti nyamayo yayamba kudya, ndiye kuti cholinga chasintha, ndipo munthu alibenso chochita koma kumenyana nayo.

Kuukira kosaka chakudya kuli ndi maonekedwe ena, ndipo chimene chimanyenga anthu ndi bata lake. Chimbalangondo chimene chikuwenda munthu sichifwenthera kapena kumenya pansi. Chimabwera mwakachetechete, mutu uli m'mwamba, makutu ali chilili, maso ali pa munthu, chimamutsatira, chimazungulira, chimasowa n'kutulukiranso kwina. Mu 2011 Herrero ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa anthu onse amene anaphedwa ndi chimbalangondo chakuda ku Canada ndi United States kuyambira 1900 mpaka 2009, amene anali 63 pa ngozi 59, ndipo anapeza kuti pa ngozi 88 mwa 100 zilizonse nyamayo inali kusaka munthuyo ngati chakudya, komanso kuti pafupifupi zonse zosakazo zinali zamphongo zoyenda zokha. Zimenezi zinagwetsa chikhulupiriro chakale chakuti chakuda choopsa ndi chachikazi cha ana. Kugona pansi pamaso pa nyama yotere ndi kuipatsa chakudya chosavuta. Munthu amayenera kuima molimba, kudzikulitsa pokweza manja kapena jekete, kukuwa mwaukali, kuponya miyala, ndipo nyamayo ikamugwira, kuimenya pamphuno, m'maso ndi kunkhope ndi chilichonse chimene chili m'manja, kaya ndi ndodo, mpeni, mwala kapena poto. Chimbalangondo cha mtundu uliwonse chimene chang'amba tenti usiku kapena kuthyola chitseko cha kanyumba chimawerengedwa m'gulu lomweli, chifukwa munthu wogona tulo sanachidzidzimutse.

Ku America kuli kamwambi kachingerezi kofala kamene kamauza munthu chochita potengera mtundu wa ubweya wa nyamayo, ndipo kufala kwake kwaposa kulondola kwake. Chimbalangondo chotchedwa chakuda chimatha kukhala chofiirira, chotuwa kapena choyererako, makamaka kumadzulo kwa North America, pamene grizzly wina amakhala wakuda bii. Chimene chimasiyanitsa mitundu iwiriyi ndi thupi: grizzly ali ndi linunda la minofu pamapewa, nkhope yolowa m'kati pakati pa mphumi ndi mphuno, makutu aafupi ozungulira, ndi zikhadabo zazitali masentimita 5 mpaka 10 zokumbira mizu ndi timakoswe ta m'nthaka, pamene chakuda chilibe linunda, nkhope yake ndi yowongoka, makutu ndi otalikirapo, ndipo zikhadabo ndi zazifupi zopindika zokwerera mitengo. Herrero anafotokoza kuti kusiyana kwa khalidwe kunachokera ku malo amene mitunduyi inakuliramo kuyambira kalekale. Chakuda ndi nyama ya m'nkhalango, imene ikaona choopsa imakweza ana mumtengo, pamene grizzly anazolowera zigwa zopanda mitengo kumene mayi alibe pobisa ana, ndipo njira yake yokha ndi kuthamangira mdani. Kudziwa mtundu kumathandiza kulosera, koma chigamulo chomaliza chimachokera pa khalidwe la nyama imene ili patsogolo, popeza grizzly nayenso nthawi zina amasaka anthu.

Pakati pa kugona pansi ndi kumenyana ndi manja pali chida chimene chasintha nkhani yonseyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndicho chitini chopopera tsabola. Kafukufuku wake anachitikira ku University of Montana, kumene Carrie Hunt, pogwira ntchito ndi Charles Jonkel, anayesa zinthu zosiyanasiyana zothamangitsira zimbalangondo zosungidwa m'khola, n'kupeza kuti mafuta a tsabola wowawa ndiwo ankazibweza bwino. Mphamvu yake ili mu capsaicin, mankhwala achilengedwe amene amachititsa tsabola kuwawa, ndipo m'chitini amakhalamo 1 mpaka 2 peresenti; akalowa m'maso, m'mphuno ndi m'mapapo, nyamayo imalephera kuona ndi kupuma bwino kwa kanthawi, koma sivulala mpaka kalekale. Alimi a m'chigwa cha Luangwa ku Zambia ndi a m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe amadziwa nzeru yomweyi, chifukwa amapaka tsabola wosakaniza ndi oyilo wakale pa zingwe zozungulira minda ndi kuotcha njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola pofuna kuingitsa njovu, nyama inanso imene mphuno yake yakuthwa imasanduka chofooka chake. Chitini cha chimbalangondo n'chosiyana ndi kachitini kamene anthu amanyamula poopa achifwamba, popeza chimalemera magalamu 225 kapena kuposa, ndipo chimatulutsa mtambo wotambalala umene umafika mamita 8 kapena 9, kotero kuti munthu wonjenjemera safunika kulunjika bwino kwambiri.

Umboni wake unaperekedwa mu 2008 ndi Tom Smith wa ku Brigham Young University pamodzi ndi Herrero ndi ena, amene anasanthula maulendo 83 okhudza tsabolayu ku Alaska kuyambira 1985 mpaka 2006. Tsabola analetsa grizzly pa maulendo 92 mwa 100 alionse, chakuda pa maulendo 90, ndipo anthu 98 mwa 100 alionse amene anali ndi chitini sanavulale. Atatu amene anavulala sanafike pogonekedwa m'chipatala. Mphepo inasokoneza kulunjika pa maulendo ochepa, ndipo ena opopera anatsamwa ndi tsabola wawo womwe, koma mtambowo unkafikabe pa nyamayo. Kagwiritsidwe kake ndi kuchotsa kotsekera, kugwira chitini ndi manja onse awiri, kuchiloza chapansi pang'ono kutsogolo kwa nyama yothamangayo, ndi kuyamba kupopera ikadali mamita 10 mpaka 18 kuti ilowe yokha mumtambowo, pokumbukira kuti chitini chonse chimatha pa masekondi osakwana 10. Apa mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno umakwanira ndendende, chifukwa chitini chimene chili pansi pa zovala m'chikwama n'chimodzimodzi ndi chimene chinatsala m'sitolo. Malo ake ndi palamba kapena pachifuwa, ndipo dzanja liyenera kuzolowera kuchisolola lisanafike tsiku lachiweruzo. Ena amalakwitsa popopera tenti ndi zovala zawo ngati mankhwala a udzudzu, osadziwa kuti fungo lotsalira limakopa zimbalangondo, zimene zaonedwa zikugubuduka pa malo opoperedwa. Chitini chimafooka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, sichiloledwa m'ndege, ndipo paki ya Yosemite ku California, kumene kuli zakuda zokhazokha, imachiletsa.

Tsabola ali ndi malire ake, ndipo n'chilungamo kuwatchula. Pa 29 Seputembala 2023, m'chigwa cha mtsinje wa Red Deer m'paki ya Banff ku Canada, mwamuna ndi mkazi odziwa bwino za m'thengo anaphedwa pamodzi ndi galu wawo pa msasa umene chakudya chinali chitapachikidwa moyenera, ndipo opulumutsa anapeza chitini chimodzi chitapoperedwa mpaka kutha. Grizzly amene anaphedwa pamalopo anali wamkazi wokalamba, wa zaka zoposa 25, woonda ndi wa mano otha, pa nyengo imene zimbalangondo zimadya mosalekeza pokonzekera kugona m'mphanga miyezi yonse yachisanu.

Funso la mfuti limadzutsa mkangano waukulu, makamaka ku Alaska ndi Montana kumene mfuti ndi gawo la moyo. Smith ndi anzake anasanthulanso, mu 2012, ngozi 269 za ku Alaska kuyambira 1883 mpaka 2009 zimene anthu anali ndi mfuti, ndipo anapeza kuti mfuti zazitali zinathandiza pa maulendo 76 mwa 100 alionse, zazifupi pa maulendo 84, ndipo chodabwitsa n'chakuti kuvulala kwa amene anaombera sikunasiyane ndi kwa amene anali ndi mfuti koma sanaigwiritse ntchito. Makafukufuku awiriwa sangayerekezedwe mwachindunji, chifukwa ngozi zake zinasonkhanitsidwa mosiyana, ndipo okonda mfuti akhala akutsutsa pa mfundo imeneyi, koma zifukwa zimene mfuti inalepherera n'zomveka kwa mlenje aliyense: kusowa nthawi, kuiwala kumasula loko wa mfuti, kugwa pobwerera m'mbuyo, kuopa kulasa mnzake amene wagwidwa, ndi kuvuta kolasa malo akupha pa nyama imene ikubwera modumphadumpha pa masekondi awiri kapena atatu. Chimbalangondo cholasidwa koma chosafa n'choopsa kuposa chimene chinali kungoopseza. Pa ngozi zoposa theka nyamayo inafa, ndipo pamene yakufayo ndi mayi, ana ake kawirikawiri sapulumuka.

Kumene mfuti ilibe mlowam'malo ndi ku Arctic. Chimbalangondo choyera chimadya pafupifupi nyama yokhayokha, makamaka akatumbu a m'nyanja, ndipo kafukufuku wa mu 2017 wotsogoleredwa ndi James Wilder, amene anawerenga ngozi 73 kuyambira 1870 mpaka 2014 zimene zinapha anthu 20, anasonyeza kuti zoopsa kwambiri ndi zamphongo zanjala. Kunamizira kufa kulibe malo kumeneko. Ku zilumba za Svalbard za dziko la Norway, lamulo limafuna kuti aliyense wotuluka kunja kwa midzi akhale ndi zida zoopsezera nyamazi, monga mfuti yoombera moto wowala, ndipo bwanamkubwa amalangiza kunyamulanso mfuti yeniyeni, ngakhale kuti nyamayi ndi yotetezedwa kuyambira 1973 ndipo kuipha kulikonse kumafufuzidwa. Mu Ogasiti 2011 gulu la achinyamata ochokera ku Britain linaukiridwa m'matenti kumeneko, mnyamata wa zaka 17 anafa ndipo anthu anayi anavulala; waya wochenjeza wozungulira msasa sunaphulitse zoopsezera zake, panalibe mlonda wausiku, ndipo mfuti inakana kangapo isanaombe. Tauni ya Churchill ku Manitoba, imene ili panjira ya zimbalangondo zodikira kuti nyanja ya Hudson Bay iundane, inasankha njira ina: zolowa m'tauni zimagwidwa, zimatsekeredwa m'nyumba imene anthu amaitcha ndende kwa masiku ofika 30 osapatsidwa chakudya, kuti zisagwirizanitse tauni ndi kukhuta, kenako zimatulutsidwa kutali.

Ku Asia malangizo a ku America sagwira ntchito onse. Chakuda cha ku Asia ndi chodya chiswe cha ku India zimaukira modziteteza kwambiri, ndipo zimalunjika kunkhope ndi kumutu. Ofufuza amakhulupirira kuti cha ku India chinaphunzira ukali umenewu pokhala limodzi ndi akambuku aakulu amene sichingawathawe. Choncho kumeneko kugona chafufumimba ndi kuteteza nkhope ndi khosi kumalangizidwa ngakhale ubweya wa nyamayo uli wakuda. Japan imakumbukirabe ngozi ya ku Sankebetsu pa chilumba cha Hokkaido mu Disembala 1915, pamene chofiirira chimodzi chinapha anthu 7 m'mudzi watsopano pa masiku ochepa, koma vuto la masiku ano ndi la mtundu wina: m'chaka cha boma cha 2023 anthu 219 anaukiridwa ndipo 6 anafa, ambiri kumpoto kwa chilumba cha Honshu, m'zigawo monga Akita. Midzi yakumapiri ikutha anthu, minda yasanduka tchire, alenje akalamba, ndipo chaka chimene mitengo ya m'nkhalango sinabale mtedza wake nyamazi zimatsikira kumakomo kudzadya zipatso zosathyoledwa.

Gawo lalikulu la kudziteteza limachitika nyamayo isanaoneke. Popeza ngozi zambiri zimayamba ndi kudzidzimutsana, woyenda m'thengo amayenera kumveka: kulankhula mokweza, kuimba, kuomba m'manja pa ngodya za njira, m'zitsamba zowirira, pafupi ndi mitsinje yaphokoso, ndi pamene mphepo ikuomba kumaso kwake, chifukwa pamenepo fungo lake silifika kutsogolo. Ku Japan timabelu tomangirira pachikwama n'tofala mpaka kwa ana asukulu, koma oyang'anira mapaki a ku America amati kulira kwake sikufika patali ndipo mawu a munthu ndiwo amathandiza. Othamanga ndi okwera njinga zakapalasa ali pangozi yapadera chifukwa amafika mofulumira ndi mwakachetechete, monga zinachitikira mu Epulo 2023 ku Trentino ku Italy, pamene mnyamata wothamanga anaphedwa ndi chachikazi chochokera ku mbewu ya zimbalangondo 10 zimene zinatengedwa ku Slovenia pakati pa 1999 ndi 2002. Kuyenda awiri si mantha, ndipo kuno ngakhale awiri ndi ochepa, chifukwa pa ngozi zakupha za chakuda, zoposa 90 mwa 100 zilizonse zinagwera munthu mmodzi kapena awiri; n'chifukwa chake ku Banff njira zina zimatsegulidwa kwa magulu a anthu anayi kapena kuposa pa nyengo imene ma grizzly ali pafupi. Galu womasulidwa amathamangira chimbalangondo, akachita mantha amathawira kwa mbuye wake nyamayo ili pambuyo. Ku Yellowstone lamulo ndi kukhala mamita 91 kutali ndi chimbalangondo, ndipo fungo la nyama yowola kapena makwangwala ozungulira malo amodzi ndi chizindikiro chobwerera. Timothy Treadwell, amene anakhala nyengo 13 pakati pa ma grizzly a ku Katmai ku Alaska akuwayandikira ndi kuwapatsa mayina, wopanda tsabola kapena mpanda wamagetsi m'zaka zake zomaliza, anaphedwa pamodzi ndi mnzake mu Okutobala 2003, atatsalira mochedwa m'nyengo imene nsomba zinali zitachepa.

Pa msasa nkhani imabwerera pamene inayambira mu 1967, pa chakudya. Malo ophikira ndi osungira chakudya amaikidwa mamita pafupifupi 90 kuchokera pa tenti, kumbali imene mphepo ikulowera, ndipo chilichonse chafungo, kuphatikizapo sopo, mankhwala otsukira mano, zinyalala ndi zovala zophikira, sichilowa m'tenti. Chakudya chimapachikidwa mamita osachepera 3 kuchokera pansi ndi kupitirira mita imodzi kuchokera pa thunthu la mtengo, kapena chimatsekeredwa m'chigubu cholimba chopangidwira ntchito imeneyi. Zigubu zoterezi zimayesedwa ndi eni ake nkhaniyo: ku Grizzly and Wolf Discovery Center ku West Yellowstone, zimbalangondo zimene sizingakhalenso kutchire, zambiri chifukwa zinazolowera chakudya cha anthu, zimapatsidwa chigubu chokhala ndi nsomba kapena uchi m'kati, ndipo chigubucho chimavomerezedwa ndi bungwe la Interagency Grizzly Bear Committee pokhapokha chikapirira mphindi 60 za kulumidwa, kupondedwa ndi kuponyedwa. Ngakhale mayeso amenewa sakwanira nthawi zonse. M'mapiri a Adirondack ku New York munali chakuda chachikazi chaching'ono, chamanyazi, chotchedwa Yellow-Yellow chifukwa cha zizindikiro ziwiri zachikasu zimene ofufuza anachiika m'makutu, chimene chinaphunzira kukanikiza loko wa chigubu cha BearVault ndi dzino n'kuzunguza chivindikiro, ndipo kampaniyo itawonjezera loko wachiwiri, nyamayo inaphunziranso kutsegula ameneyo. Yellow-Yellow anaomberedwa ndi mlenje mu 2012.